Woyendetsa Kasalanga

Ine sindimanga munthu.
Sinditsekula doketi, sindigamula mlandu,
makiyi a ku Kamwala sagona m'thumba langa.
Changa n'chiwongolero basi:
kulandira anthu m'manja mwa awa,
kukawatula m'manja mwa awo,
monga amapatsirana njerwa anyamata pa chikontilakiti.

M'mamawa, chisanu cha Juni chikuluma makutu,
msilikali wa ndende amawerenga mitu pageti.
Makumi anayi ndi atatu.
Ndimasayina. Loko amalira kumbuyo.
Injini ikatsokomola kawiri, tanyamuka,
makondakitala akukuwa pa siteshoni:
"Iyo yadutsa, basi yosalipiritsa!"

Lazalo Mvula ndinayamba kumudziwa zala.
Zinkatulukira pa kazenera ka waya, kumanzere,
chimodzi chopanda chikhadabo,
ndipo ndinkaziona pa galasi nthawi zonse ndikamakhota.
Nkhani yake inali batire ya galimoto
imene inapezeka m'wilibala yake ku Soweto.
Iye ankati anangouzidwa kuti nyamula.

Ulendo woyamba, doketi inali isanachoke ku polisi.
Wachiwiri, inachoka koma sinafike.
Lusaka si wamkulu choncho,
koma pepala limasochera pakati pa misewu iwiri
mpaka mvula kugwa, chimanga kucha.
Wachitatu, woimira boma anaimirira, nakonza tayi,
nati akudikira malangizo.
Kenako wapolisi amene anamugwira anasamutsidwira ku Mongu.
Mboni inasintha nambala ya foni.
A majisitireti anali ku msonkhano ku Siavonga.

Belo anamupatsa, ndisaname:
abweretse anthu awiri a ntchito yodziwika.
Koma anzake onse ndi okankha wilibala,
ndipo wilibala ilibe kalata ya abwana.

Tsiku lina onse analipo.
Doketi pa tebulo, mboni itasamba, wapolisi atabwera pa basi ya usiku.
Amene sanafike ndine.
Dizilo sinagulidwe sabata imeneyo.
Ndinakhala pa mwala kuseri kwa galaja, ndikusenda nzimbe,
pamene kalaliki ankalemba kuti woimbidwa mlandu sanabweretsedwe.
Ndiye musandifunse kuti wolakwa ndani.
Aliyense wa ife anagwira mbali yake ya mtolo,
kungoti sitinanyamulepo tsiku limodzi.

Mkazi wake, Tisauke, ankaima pa mpanda wa khoti
ndi mwana kumsana ndi kakontena ka nyemba.
Ndinauona mpandawo ukupakidwa penti kawiri.
Ndinamuona mwanayo akutsika kumsana,
kugwira siketi, kenako kuthamangitsa nkhunda.

Mwezi wa khumi ndi chisanu, Lachinayi,
nkhani inatha m'mphindi zitatu.
Mwini batire anagulitsa kale galimoto yake,
boma lauchotsa mlandu.
Womasulira ananena kawiri, Lazalo sanamve.
Ananena kachitatu.

Koma dzina lake linali m'buku la ku Kamwala,
ndipo buku silibwera ku khoti.
Anakweranso, munthu wopanda mlandu,
loko analira monga mwa masiku onse.
Ndinayang'ana pa galasi pokhota.
Kazenera kanali kopanda zala.
Pageti anawerenga: makumi anayi ndi atatu.
Ndinasayina kuti ndabweza zonse zimene ndinatenga.

Dzulo ndinamuona pa raundabauti ya Kafue,
wilibala itadzaza kabichi, msana uli thukuta lokhalokha.
Anamva injini yanga asanaione.
Anaima, natsitsa zogwirira,
manja ake anapita okha kutsogolo, kugundana pa mfundo,
ngati pali wina woti awamange.
Kenako anawayang'ana, nawapukuta pa buluku.

Ndinafuna kuliza hutala.
Ndikanati chiyani ndi hutala?
Wapolisi wa pamsewu anandikodola kuti pita,
khoti limayamba naini.
Ndinasintha giya.
Pa galasi, kumanzere,
zala zina, zazing'ono, zikhadabo zonse zilipo,
zinali zitayamba kale kuphunzira waya.