Ulemu pa Sikelo

Ku kiliniki ya ku Mufakose amaitana dzina kawiri kokha.
Ukasinza, malo ako apita.
Ndinakhala pabenchi kuyambira sikisi,
iwe uli m'chitenje, wopepuka ngati paketi ya shuga yoyamba kale,
mpaka Sista Gwatidzo anafuula pakhomo: "Uremu! Mai vaUremu!"
Ine ndinangocheuka, kufunafuna mwini dzina.
Mayi wa pambali panga anachita kundigunda ndi chigongono.

"Ulemu," ndinatero, lilime ndikulikweza kuti alione.
"Ehe, Uremu," anavomera, nakugoneka pasikelo.
Muvi unanjenjemera, unaima pa makilogalamu awiri ndi pang'ono.
Chipinda chonse chinaseka.
Sichinali chipongwe ayi,
koma kuno, mwanangu, dzina lako likalowa m'kamwa mwawo
limatanthauza kulemera kwa katundu.
Kamwana konga njiwa, dzina ngati thumba la simenti.

Kuseka kuja ndinafika nako kunyumba.
Ndinachapa matewera onse, iko sikunasuluke.

Iwo sadziwa kuti agogo ako anamwalira mu Juni ku Ntcheu
iwe ukundimenya mateche m'mimba,
pasipoti yanga itatha, ya basi yodzera ku Nyamapanda palibe.
Maliro ndinawaonera pafoni yobwereka,
chithunzi chikuimaima, bokosi lili m'malere pakati pa manja ndi manda.
Ulemu womaliza sindinapereke.
Ndinausunga miyezi iwiri pansi pa nthiti,
ndipo utabadwa ndinaupereka kwa iwe.

Bambo ako akuti ndisadzipweteke mutu.
Iwo anabadwira konkuno.
Bambo awo anabwera wapansi ali a Malizani,
kalaliki wa kukhonsolo anawalemba Marizani,
nakhala choncho zaka makumi anayi akusesa misewu ya mumzinda,
anthu n'kumati dzina lawo muli mari,
chikhalirecho matumba anali obooka.
"Kodi anafa nalo dzinalo?" amandifunsa.
Eya, anafa nalo. Lili pamwala ku Granville.
Ndipo dzana usiku, atatopa ndi ntchito,
bambo ako omwewo ndinawamva akukutonthoza: "Gona, Uremu."
Ndinatembenukira kukhoma.

Loweruka madzi anabwera, tonse tinathamangira pampopi.
Mai Tapfuma, eni nyumba, anakusuzumira kumsana kwanga,
nakutchula monga amatchulira.
Ndinaika chigubu pansi.
"La, la, la. U-le-mu. N'chovuta chiyani pamenepa?"
Mzere wonse unangoti zii.
Iwo anapukuta manja pa epuloni, naloza mwana wawo wamkazi:
"Nanga uyu ndani?"
"Luvalashe," ndinayankha mosakayika.
"Ruvarashe," anatero. "Zaka ziwiri tsopano
ukumuitana choncho, ukumutuma mchere, ukumuluka tsitsi.
Tsiku liti sanakuyankhe?"

Chigubu changa chinasefukira ndili chiimire.

Sindinene kuti zinatha.
Pakhadi lako ndinakanda chilembo chawo ndi bolopeni,
moti pepala linabooka pakati pa dzina,
ndipo Sista anandikalipira.
M'kombi munthu akafunsa, ndimayamba ndaona nkhope:
wina ndimamuphunzitsa, wina ndimamusiya,
wina ndimangoti, "Ndi mtsikana."

Koma dzulo tinapitanso kusikelo.
Muvi unadutsa pa asanu.
Sista anawomba m'manja: "Onani, dzina lagwira ntchito!"
Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze,
kenako ndinamva phewa langa likuwawa kumene lamba wa chitenje amadutsa.
Ukulemeradi, iwe.
Agogo ako ankati munthu waulemu sauluzika ndi mphepo.
Kapena lilime lawo ndi langa zinasiyana panjira
zitanyamula mtolo umodzi.

Kaya.

Usiku magetsi akathima, nyumba yonse ikagona,
ndimaika milomo pakhutu lako lofunda,
lilime ndi kuligunditsa kuseri kwa mano,
pang'onopang'ono, ngati ndikutsitsa chinthu m'nthaka yofewa,
ndi kukuuza dzina lako momwe linachokera kwathu.
Iwe umangoyasamula.
Masana ukayankhe onse.