Bokosi Lachitatu

Anandipatsa chipepala cha mabokosi awiri
ndi njinga yopanda mabuleki akumbuyo.
Funso la nambala naini: kodi mumatha kuwerenga ndi kulemba?
Chongani Inde kapena Ayi.
Pa maphunziro ku boma anatiuza kuti tisamacheze,
mupatseni munthu chiganizo awerenge,
akadodoma kawiri, ndi Ayi ameneyo.

Ku Chinkhoma, kuseri kwa zigafa,
ndinapeza a Tobiyasi Kadzakumanja akudinda belo,
jeke ikulira, fumbi la fodya lili m'nsidze.
Ndinatulutsa khadi langa: Mwana akupita kusukulu.
Analigwira patali ngati mbale yotentha.
Mwa, anatero. Mwa-na. Kenaka zii.
Nkhuku inadutsa pakati pathu.
Anayambiranso, nakodwa pomwepo.
Cholembera changa chinali chitatsika kale.

Dikirani, anatero, nalowa m'nyumba,
natuluka ndi jumbo ya shuga
yodzaza mapepala a ku okushoni,
a zaka zisanu ndi ziwiri, omanga ndi mphira wa chubu.
Apa, chala chili pa mzere wachinayi,
anandidula ya thiransipoti kawiri pa belo limodzi.
Apa sikelo inadya makilo atatu.
Ndinasuzumira. Ine wa Fomu Folo, satifiketi m'sutikesi,
ndinangoona linthumbu la manambala.
Ndinadodoma kawiri, katatu,
koma iwo analibe bokosi londiikamo.

Dzina lawo amalemba.
Anakaphunzira ku sukulu ya kwacha
chaka chomwe inki ya pa chala inakana sopo
n'kuwatsatira mpaka ku mgonero,
wina pa benchi n'kutsinzinira mnzake.
Amalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja,
K wake ngati mphanda ya chigafa,
ndipo mzere wa pa fomu umatha iwo ali pa "kuma",
"nja" n'kumupachika m'munsi.

Uthenga wa pa foni amawawerengera mdzukulu,
koma ukakhala wa ndalama sapatsa munthu.
Mankhwala a shuga a mkazi wawo sanaphonyepo.
Kalata ya mwana wawo ali ku Maula
inagona milungu itatu pansi pa mphasa
kudikira wowerenga wopanda pakamwa.

Zonsezi ndiziike pati?

Ndinachonga momwe anandiphunzitsira.
Iwo anaweramira pa phewa langa,
fungo la chikopa cha fodya ndi thukuta,
nati, limenelo ndalidziwa.
Ayi.
Ndi lomwe anandilembera a ngongole ya feteleza.
Sanadodome ngakhale kamodzi.

Anandipatsa mtedza m'chipewa, nabwerera ku jeke.

Usiku ku nyumba ya alendo pa Santhe,
kandulo itatsala ngati chala,
ndinajambula kabokosi kena m'mphepete mwa pepala,
kopindika, kongokwana njere ya mpendadzuwa,
ndipo pambali pake ndinalemba tating'ono:
amawerenga pomwe akuberedwa,
sawerenga pomwe akukondedwa,
dzina lawo ndi lalitali kuposa mzere wanu.

Lachisanu ku boma
bwana wa kalembera ananyambita chala,
natsegula, natsegula, naima.
Ichi n'chiyani, mtsikana iwe?
Anatenga labala, nafufuta mosamala,
nauzira tinyenyeswa tigwe pansi.
Osamalemba za m'mutu mwako, anatero,
makina athu satha kuwerenga zimenezi.