Dzenje la M'buti

Nyali yachikasu inayaka nditangopitirira Ulm,
mvula ya Novembala ikuundana pagalasi.
Ndinachepetsa liwiro, ndinatchera khutu.
Palibe chinagwedera.
Galimoto ya Eckhart inkangoyenda mwaulemu
monga ankalowera mwini wake m'tchalitchi,
khosi chilili, nsapato zosalankhula.

Pamalo omwetsera mafuta ndinaizungulira kawiri,
ndikugogoda tayala lililonse
ngati munthu wosankha chivwende.
Onse anayi anali njo, onenepa, onyada.
Wabayidwa ndani mwa inu?
Anangondiyang'ana.

Ku Geislingen, m'garaja ya Bünyamin,
munkanunkha labala ndi tiyi wowawa.
Anagwada, chala chikutsata mizere,
n'kuzula msomali wautali ngati chala changa chamkombaphala.
"Mayi, ili linafa kalekale.
Mpweya unatha, nthiti ndiye zolimba.
Amawapanga choncho masiku ano.
Likabooka limabisa, limakusenzanibe
makilomita makumi asanu ndi atatu,
bola musalithamangitse.
Likafika pamenepo basi.
Silimatika. Timataya."

Ndinati ikani sipeya.
Anapukuta manja pa ovololo, kumwetulira pang'ono.
"Galimoto ya mtengo wotere ilibe sipeya.
Ogula zoterezi safuna kuoneka atagwada m'mbali mwa msewu,
mawondo m'matope, jeke m'manja,
malole akuwathira madzi."

Ndinatsegulabe buti.
Bambo anga anandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri
kuti pansi pa kapeti pamagona tayala lachisanu,
losayamikidwa, lodikira tsiku loipa.
Ndinakweza kapetiyo.
Dzenje linalipo, lozungulira, laukhondo,
koma m'malo mwa tayala munali envulopu yakhaki
ndi timabotolo titatu ta mankhwala, topanda kanthu.

Chidindo cha chipatala cha ku Tübingen.
Dzina lake lonse, lija ankadana nalo lapakati lilipo.
Ndinawerenga tsiku, ndinawerenganso.
Malichi. Zaka ziwiri zathunthu
asanandikhazike pampando wa kukhitchini
n'kunena kuti Irmtraud, pali kankhani.

Zaka ziwiri.
Chaka chimenecho tinapenta makoma a kuchipinda.
Anakwera makwerero kuthyola maapulo,
ine pansi ndikumukalipira kuti akusiya akupsa.
Paukwati wa Wiebke anavina mpaka oimba kutopa,
malaya atanyowa, ndikumati ndi vinyo.
Lachinayi lililonse ankati akupita kotsukitsa galimoto,
ndipo inkabweradi ikuwala.

Unali utaphwa, mwamuna wanga,
ukundisenza ndi nthiti zokha,
ukuwerenga wekha makilomita otsala,
ine pambali pako ndikusintha wailesi.
Ukanagwa pansi tsiku lomwelo ngati tayala la anthu wamba,
fwaa, pamaso pa onse,
ndikanagwada. Matope sindiwaopa.
Sipanala ndimaidziwa kugwira.
Mwina sindikanakonza kanthu,
koma manja anga akanada nawo.

Bünyamin anali atatembenukira kukhoma,
akusanja mabawuti osanjika kale.
Patapita nthawi anakhosomola.
"Ndiitanitse lofanana nalo? Lifika mawa masana."

Ndinafunsa ngati ali nawo ena aja,
osadziwa kunama,
amene akabooka amakhala pansi n'kunena.
Anati alipo, ndi otchipa, ndiponso safwenkha msana pamabampu,
koma ndiyenera kusintha onse anayi
ndi kugula lachisanu.
"Lidzakudyerani malo m'buti, mayi.
Dzenje ilo n'laling'ono, silikwanamo bwino."

Ndinachotsa envulopu, ndinaiika m'thumba la jasi.
Timabotolo anatitaya iye, osafunsa.

Kunja kutada ndinakwera chitunda cha ku Amstetten,
magetsi a sitima akudutsa m'munsi.
Kumbuyo tayala lachisanu, lomangidwa ndi lamba,
linkagunda khoma la buti pokhota paliponse.
Gu. Kenako chete. Gu.
Eckhart akanaima kuti alimange bwino.
Ine ndinazimitsa wailesi
kuti ndizilimva.