Kudikira Dzuwa ku Luwinga

Mayi anga amanyika nsalu ku Chibavi.
Chibadwire changa zikhadabo zawo sizinayerepo:
Lolemba zobiriwira, Lachinayi ngati asenda chiwindi.
Akamaliza amapendeketsa beseni,
madzi n'kulowa m'ngalande
kukasaka Lunyangwa.
Fizi yanga inatuluka m'beseni limenelo.
Achule a kuseri kwa nyumba
anasiya kulira ndili Folomu 2.

Lero ndili pakhonde la labu
ndi mabotolo asanu a madzi a mayi
ndi kaufa koyera kunsonga ya supuni.
A Msowoya, osunga makiyi, akuti
njere imodzi ya kaufaka pambali pa tsitsi langa
ndi nyerere pambali pa basi ya ku Karonga.
Sindinaionepo. Ndimangokhulupirira
monga mayi akhulupirira kasitomala wa ngongole.

Pakokha kaufaka n'kaulesi.
Mumdima kamangoti ndwii pansi pa botolo.
Kamafuna dzuwa.
Tsono dzuwa la ku Mzuzu mukulidziwa,
limalonjeza m'mawa n'kutumiza nkhungu.
Masiku atatu, majuzi awiri,
ndakhala ndikukalipira mitambo ya ku Kaning'ina.

Lachisanu cha m'ma leveni kumwamba kwang'ambika.
Kaufa kadzuka, katsomphola kuwala,
kanola mano a madzi ndi mpweya,
ndipo unyolo wa utoto wayamba kuduka
mfundo ndi mfundo
popanda phokoso.
Buluu uja, wosamva sopo, wosamva mvula,
wachita manyazi.
Watuwa.
Pofika fili koloko, mbee!

Ndasefa. Kaufa kali pompo, kosachepa,
ngati nkhoswe yoti yathetsa mlandu
n'kubwerera kwawo ndi jekete lake lomwe lija.

"Kuyera si kuchira, Temwanani,"
atero a Msowoya akutseka mawindo.
"Usalawe. Mawa tiyeze zatsalamo."

Botolo limodzi ndaliika m'chikwama,
ndakwera kabaza, likundigunda m'nthiti mpaka kwathu.
Mayi alikweza kumaso, alipendapenda.
"Mwana iwe, ine ndimagona ndi msana
kuti mtundu ugwire,
ndiye ndinakutumiza kusukulu kukausukulutsa?"
Aseka mpaka kutsokomola.

Kenako chete.
Ayang'ana ngalande,
ayang'ana zala zawo,
afunsa motsitsa, kuti aneba asamve:
"Nanga m'manjamu,
ungathiremo?"