Lisiyire Pakamwa

Chaka chatha mvula inatipeza pa maliro ku Kanyama.
Madzi anakwera mpaka m'mawondo a tebulo,
sipika yathu inamwa usiku wonse osadandaula.
Kutacha, abusa atagwira maiki,
mawu awo anatuluka ngati a munthu wolankhulira m'chidebe,
thabwa litatupa, guluu atasiya ntchito,
ndipo anamfedwa anatidula theka la ndalama.

N'chifukwa chake lero, Okutobala akuwotcha malata a Kalingalinga,
a Zakeyo Njobvu agoneka bokosi latsopano pa matayala awiri.
Andipatsa sandipepa. Akuti ngodya zonse zife,
pakuti nsalu yagalasi imadana ndi pakuthwa:
imadzuka, n'kusiya kamphako,
ndipo madzi a mu Lusaka sasowa khomo.
Ndapala mpaka fumbi landilowa m'mano.

Nsalu yake si yoti munthu n'kuvala.
Ndi yoyera ngati imvi, yothothoka m'manja.
Tinaigula kwa mkulu wina womata mabampa a minibasi,
mamita atatu, ataikulunga m'nyuzipepala.
Ukaigwira imakulonjera mwaulemu.
Madzulo m'pamene imakukumbutsa,
m'mikono, m'khosi, kuposa chitedze.

A Zakeyo adula botolo la pulasitiki pakati, athiramo rezini.
Mankhwala oumitsira akuwerenga ndi pakamwa,
dontho, dontho, dontho,
ngati namwino wa ku kiliniki.
"Kunja kwatentha, lero tichepetse.
Ukachulutsa umauma uli m'manja,
ukamana udzadikira mpaka Khirisimasi."
Fungo latulukira kumsewu.
Mzamose wa zitumbuwa wanyamula beseni lake
n'kusamukira pansi pa mtengo wa mango, akutitukwana tonse awiri.

Bulashi yake sipaka ngati penti. Imajompha,
kuthamangitsa timatuza ta mpweya tobisala pansi pa ulusi.
Ndipo taonani, kuyera kuja kukuzimirira,
thabwa likuonekeranso, mizere yake yonse,
ngakhale paja ndinakhoma msomali mokhota
n'kubisa ndi utuchi.
Chofunda ichi sichisungira munthu chinsinsi.

Botolo layamba kufunda m'dzanja langa.
"Fulumira," akutero, "wayamba kugwira."

Tafika kutsogolo. Pansi pa malo okhala sipika
pali kabowo kozungulira, kokwana nkhonya.
Ine ndatambasula nsalu kuti nditseke nakonso,
poti madzi ndi madzi.
Andigwira dzanja. Magolovesi athu amatirirana.
"Pamenepo ayi. M'pamene limapumira."

Akhala chete pang'ono,
kenako aloza ndi chibwano kuseri kwa shedi
kumene mabokosi ena, aatali,
akudikira eni ake atavala zogwirira zagolide wabodza.
"Zaka makumi atatu ndakhoma mitundu iwiri yokha.
Lotsekedwa ponseponse ndi lija.
Ili lisiyire pakamwa."

Dzuwa likupendeka, lauma,
lalimba ngati msana wa kamba.
Tikanaliyesa ndi nyimbo, koma magetsi anapita mbandakucha
ndipo palibe amene anawatsanzika.
Choncho a Zakeyo anyamula ndowa yathunthu,
madzi ogula, amene ndinaimira pamzere m'mawa,
n'kulikhuthulira pamutu.
Madzi atsetsereka ngati mlendo wolakwitsa nyumba,
akagwera m'fumbi.
Agogoda ndi chala chopinda: du, du.
Bokosi layankha kuchokera m'mimba.

Loweruka kuli ukwati ku Chawama, panja, popanda tenti.
Mwini mkwatibwi walipira kale theka.
Cha kumpoto mitambo yayamba kuitanizana,
ndipo ine ndakhala pa tayala
ndikukanda mikono ndi kapepala ka sandipepa kotha.