Tulo Tabodza

Lachisanu lililonse kalasi yomaliza ikatha
timathithikana anayi m'kagalimoto ka Oksana,
kotsokomola ngati nkhalamba ya fodya,
kuchoka ku Lethbridge kupita kwathu ku Medicine Hat,
maola awiri a chipale chofewa ndi minda ya tirigu yometedwa mpala.

Lamulo silinalembedwe paliponse:
singano ya mafuta ikawerama,
aliyense dzanja m'thumba, madola khumi.
Wendell amaponya ake m'kabowo koikamo kapu
asanamange n'komwe lamba.
Harpreet amatumiza pa foni,
n'kuwonjezerapo awiri a khofi wa woyendetsa.

Ine ndimagona.

Nyali za pomwetsera mafuta ku Taber zikangoonekera
khosi langa limathyoka lokha,
tsaya pagalasi lozizira, pakamwa yasaa.
Ndinaphunzira ngakhale kapumidwe ka munthu wotopa ndi mayeso.
Koma makutu sagona.
Amamva chitseko, mphepo ikulowa ndi mano ake,
mpope ukumeza, ukumeza,
gawo langa likulipidwa ndi manja a eni.

Bambo anawachotsa ntchito mu Okutobala.
Sindinauze munthu.
Manyazi sakwera ndi tikiti
koma amalemera kuposa zikwama zonse za m'buti.

Sabata yatha thanki itadzaza, injini sinalire.
Go, go, pagalasi langa.
"Leif, dzuka. Wogona zenizeni
safinya chikwama chonchi."
Anandipatsira kopalira madzi oundana, kapulasitiki kobenthuka.
"Zala zanga zimachita dzanzi.
Iwe uzipala magalasi, uziyeza mpweya m'matayala.
Zinazo tidzawerengerana zinthu zikadzakhala bwino."
Anakhala pachiwongolero osacheuka.
Wendell anakweza wailesi.

Ndinapala.
Mphuno ikuchucha, zala zitafa,
khwe, khwe, khwe,
mpaka galasi lakutsogolo linayera
ndipo ndinaona nkhope zitatu mkatimo:
wina akufufuza nyimbo,
wina akuuzira khofi,
wina akuwerenga lisiti ngati kalata yachikondi,
popanda ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana.
Ulemu woterowo sindinaulandirepo.

Kuchoka pamenepo mpaka kwathu ndinali maso,
ndikuwerenga mitengo ya magetsi.

Patsamba lomaliza la kope langa la kemisitiri
ndalembapo ndi pensulo:
Oksana, maulendo asanu ndi awiri, madola makumi asanu ndi awiri.
Amati ngongole siwola.
Nanga m'dziko lozizira chonchi
ingawole bwanji?