Silabu ya kwa a Chadzunda

Fanuwelo wandipeza pamsika wa mbatata,
chifunga cha Juni chisanachoke paphiri la Dedza,
manja m'khwapa, mano akugogoda.
Akuti mlongo wake wa ku Joni wamtumizira bafa
lopopa ngati chubu cha lole,
lotenthetsa lokha madzi ukalilumikiza kumagetsi.
Akuti, “A Lekeleni, munamanga ndinu,
chipinda changa cham'mwamba chija chingalisenze?”

Ndafunsa kuti limamwa madzi ochuluka bwanji.
Wandionetsa pafoni: malita eyiti handiredi.
Ndawerenga ndi zala zanga zong'aluka:
lita imodzi, kilo imodzi, madzi sanama,
ndiye matumba a simenti khumi, asanu ndi limodzi
ounjikidwa poyala mphasa imodzi.
Onjezapo iwe, onjezapo anzako awiri a kuchipatala
amene sangalephere kubwera Loweruka.

Waseka. Akuti madzi ndi ofewa.
Mwana iwe, ofewa ndi a m'kapu.

Zimene sindinamuuze pamsika paja ndi izi:
silabuyo tinathira chaka chimene simenti anasowa.
Malemu a Chadzunda anaima pamulu wa mchenga
nati, “Wilibala inanso, Lekeleni, simenti ndi golide.”
Ndinaonjeza. Ndinali ndi ngongole ya feteleza.
Zitsulo zimene injiniya analemba papepala
zinafika zoonda ngati za m'mawindo,
ife n'kuzitalikitsa, chikhatho ndi theka.
Mitengo yochirikiza tinagwetsa masabata awiri asanathe
poti inkafunika panyumba ina ku Bembeke.

Zaka khumi ndi zinayi nyumba ili chiimire.
Ndikamadutsa ndimayang'ana nsapato zanga.

Pansi pake pali Nasibeko ndi makina ake osokera,
mayunifolomu a ana asukulu ali lende pachingwe,
kamdzukulu kake kamagona pansanza kunsi kwa tebulo,
molunjika pomwe mng'alu wa kudenga
unayamba ngati ulusi wakuda,
iye n'kumaupaka laimu Khirisimasi iliyonse.

Madzulo ndakwera masitepe aja, koyamba chimangire nyumbayi.
Bafa lili pakona, lophwa, labuluu,
likununkha pulasitiki watsopano.
Ndaponda pakati pa chipinda ndi chidendene, kawiri,
ndamva pansi pakundiyankha m'mawondo.
Ndati, “Ine si injiniya. Kaitane wa kukhonsolo
abwere ndi zida zake, ayeze, alembe.
Koma ngati ukufuna mawu a munthu amene anagwira fosholo,
tsitsa chinthuchi.”

Tachitsitsa awiri, chopepuka ngati bulangete.
Kuseri, padothi lofiira pafupi ndi mpopi,
kumene pansi pake sipagona mwana wa munthu,
tasalaza ndi khasu, tayala makatoni.
Akudandaula kuti odutsa azimusuzumira,
kuti waya safika,
kuti mphepo ya kuno siseka ndi munthu wonyowa.
Ndamuuza kuti za waya aitane wodziwa magetsi,
mpanda wa tsekera ndimumangira ine, ulere.
Wandiyang'ana modabwa, poti amandidziwa:
Lekeleni sakhoma msomali wopanda mtengo wake.

Potuluka Nasibeko wandikodola.
Akuti khosi la jekete langa latha,
ndibwere nalo Lolemba alitembenuze.
Kamwana kadzuka, kakuyamwa chala.
Ndavomera, maso ali pasingano yake,
kenaka ndakweza mutu pang'ono.
Laimu wa chaka chatha wayamba kusuwa.
Ndati, “Lolemba ndibweranso ndi munthu wina, mayi,
adzaone denga lanuli.”